Tinjere ta radiation ndi chotupa chosowa mpweya: zimene banja liyenera kudziwa

Bambo akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi khansa ndipo madokotala akufuna kuwaika tinjere ta radiation m'thupi, mafunso amabuka m'banja lonse. Mayi amafuna kudziwa ngati azigonabe nawo chipinda chimodzi. Ana amafunsa ngati zidzukulu zizibwerabe kudzacheza. Achibale a ku Malawi amaimba foni kufunsa chifukwa chake madokotalawo sakungochotsa chotupacho. Kawirikawiri odwala eniakewo amakhala asanamvetse zonse, chifukwa zinanenedwa mofulumira, m'Chingerezi cha kuchipatala, pa tsiku limene mtima unali m'mwamba.

Phunziro lino ndi la mabanja athu okhala ku South Bend, Mishawaka, Elkhart ndi Indianapolis, komanso abale awo kulikonse kumene ali. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: pakati pa chotupa pamasowa mpweya wa okosijeni, ndipo maselo a khansa osowa okosijeni safa msanga ndi radiation. Kuika chinthu chotulutsa radiation m'kati mwenimweni mwa chotupa ndi njira imodzi yothana ndi vutoli. Njirayi imathandiza kwambiri pa khansa zina, koma si ya khansa iliyonse.

Chifukwa chake pakati pa chotupa pamasowa mpweya

Selo lililonse la m'thupi limalandira okosijeni kuchokera m'magazi. Magazi amayenda m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo okosijeni amatuluka m'timitsemphato n'kulowerera m'minofu yozungulira. Koma sapita patali. Akayenda mtunda wofanana ndi kuchindikala kwa pepala limodzi kapena awiri amakhala atatha, chifukwa maselo a m'njira amamugwiritsa ntchito. M'thupi labwinobwino timitsempha timayalana mothinana, choncho palibe selo lotsalira.

Chotupa cha khansa chimakula mopupuluma. Chimakakamiza thupi kupanga timitsempha tatsopano, koma timitsemphato timakhala tokhotakhota, todontha, ndipo tina timatsekeka n'kudzatsegukanso. Zili ngati dera la m'tauni kumene nyumba zamangidwa mofulumira koma mipopi ya madzi ili yochepa. Nyumba zoyandikana ndi mpopi zimatunga, zakutali zimagona ndi ludzu, ndipo masiku ena mpopi womwewo umauma. M'chotupa namonso muli maselo amene amasowa okosijeni nthawi zonse chifukwa ali kutali ndi mtsempha, ndi ena amene amasowa kwa kanthawi chifukwa mtsempha wawo watsekeka. Vutoli madokotala amalitcha hypoxia.

Mu 1955, akatswiri awiri a ku England, R. H. Thomlinson ndi Louis Harold Gray, anaunika zotupa za m'mapapo pa makina okulitsa zinthu. Anapeza maselo amoyo pafupi ndi magazi ndi maselo akufa kutali, ndipo anazindikira kuti pakati pa magulu awiriwa pali maselo amene adakali moyo ngakhale mpweya ukuwapelewera. Maselo apakatiwa ndiwo amavutitsa.

Radiation imafuna okosijeni

Kwathu timati "kuwotcha khansa", koma radiation si moto. Ndi mphamvu yosaoneka imene imadula DNA, kachingwe ka m'kati mwa selo kamene kamasunga malangizo a mmene selo likulire ndi kuberekana. Selo limene DNA yake yaduka kwambiri limalephera kugawanika ndipo limafa. Koma selo lili ndi luso lolumikizanso pamene paduka. Okosijeni akakhalapo pa nthawi imene radiation ikudutsa, amamatirira pamalo ovulalawo ndipo selo limavutika kukonza. Akasowa, selo limalumikiza mosavuta n'kupitiriza moyo.

Gray ndi anzake analongosola zimenezi mu 1953, ndipo muyeso wa radiation, umene mudzaone pa mapepala a kuchipatala utalembedwa Gy, unatengera dzina lake. Kafukufuku wasonyeza kuti maselo osoweratu okosijeni amafuna radiation yochuluka pafupifupi katatu kuti afe mofanana ndi maselo amene ali ndi okosijeni wokwanira. M'zaka za m'ma 1990, Michael Höckel ndi Peter Vaupel a ku Mainz m'dziko la Germany anayeza okosijeni m'zotupa za khomo la chiberekero ndi singano yopyapyala. Amayi amene zotupa zawo zinali ndi okosijeni wochepa ndiwo khansa inkawabwerera kwambiri.

Nanga bwanji madokotala osangowonjezera radiation katatu? Radiation yochokera ku makina a kunja imadutsa pakhungu, m'matumbo kapena m'chikhodzodzo isanafike pa chotupa, ndipo ziwalo zimenezi zili ndi malire a zimene zingapirire. Apa m'pamene tinjere timabwera.

Tinjere n'chiyani?

Dzina la chithandizochi ndi brachytherapy, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "pafupi". Maganizo ake ndi akale. Marie ndi Pierre Curie atatulukira radium mu 1898, Alexander Graham Bell analemba mu 1903 kuti kachidutswa ka radium kangathe kuikidwa pakati pa chotupa. Mu 1983, Hans Henrik Holm wa ku Denmark anasonyeza mmene angaikire tinjere mu prostate akuyang'ana pa makina a ultrasound, ndipo madokotala a ku Seattle anaikulitsa njirayi mpaka inafala m'dziko lonse la America.

Kanjere kamodzi ndi kachitsulo ka titanium kotsekedwa mbali zonse, kotalika mamilimita 4.5, ngati kambewu ka mpunga koma kowonda. M'kati mwake muli mankhwala otulutsa radiation, amene mphamvu yake imatsika yokha tsiku ndi tsiku. Mitundu yogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi itatu. Ya iodine-125 imatsika ndi theka pa masiku pafupifupi 60 aliwonse. Ya palladium-103 imatero pa masiku 17, ndipo ya cesium-131 pa masiku osakwana 10. Choncho tinjere ta iodine-125 tikatha chaka timakhala ndi mphamvu yosakwana 2 pa 100 ya imene tinali nayo poyamba, pamene ta palladium-103 timafika pafupi ndi pamenepo m'miyezi itatu yokha. Tizitsuloto timatsala m'thupi moyo wonse, koma sitivutitsa.

Pali mtundu wina wa brachytherapy umene sasiya kanthu m'thupi. Madokotala amaika timachubu pa chotupa, makina amalowetsamo kachitsulo kamodzi kamphamvu kwambiri ka iridium-192 kwa mphindi zingapo, kenako n'kukatulutsa. Umenewu amautcha HDR, pamene wa tinjere totsalira amautcha LDR. Funsani kuti wodwala wanu alandira uti, chifukwa malangizo a kunyumba amasiyana.

Mmene tinjere timagonjetsera chotupa chosowa mpweya

Choyamba, timapereka radiation yochuluka pamalo ochepa. Aliyense amene anaothapo moto m'nyengo yozizira amadziwa kuti ukasuntha pang'ono kutentha kumatha. Radiation imachitanso chimodzimodzi: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo minofu ya thupi imamwanso ina. Choncho m'kati mwa chotupa, mmene muli maselo okanika aja, mumafika mphamvu yaikulu, pamene ziwalo zoyandikana nazo zimalandira yochepa. Pa khansa ya prostate, tinjere ta iodine-125 timapereka 145 Gy. Makina a kunja amapereka pafupifupi 78 mpaka 80 Gy akamagwiritsidwa ntchito kwa masabata asanu ndi atatu. Manambalawa sayerekezeka mwachindunji chifukwa liwiro loperekera ndi losiyana, komabe akusonyeza kuchuluka kwa mphamvu imene ingalowe m'chotupa ikachokera m'kati.

Chachiwiri, tinjere sitipuma. Timagwira ntchito usana ndi usiku kwa masabata kapena miyezi. Mtsempha umene unatsekeka ukatseguka ndipo okosijeni n'kufika, radiation imakhala ilipo kale. Komanso maselo a pafupi ndi mitsempha akamafa, okosijeni amene ankagwiritsa ntchito amayamba kufika kwa maselo a kutali, ndipo nawonso amafewa. N'chifukwa chomwechi radiation ya makina a kunja nayo imaperekedwa pang'onopang'ono masiku ambiri, osati yonse tsiku limodzi.

Tinjere timachepetsa vuto la hypoxia, koma sitilichotseratu. Ndiponso madokotala sasankha tinjere chifukwa choti ayeza okosijeni m'chotupa, popeza kuyeza kotereku kumachitika makamaka mu kafukufuku. Amasankha poona mtundu wa khansa, kukula kwake, malo ake, ndi ngati yafalikira.

Khansa zimene zimathandizidwa motere

Khansa ya prostate ndiyo imathandizidwa kwambiri ndi tinjere totsalira m'thupi. Prostate ndi kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ku America, amuna akuda amadwala khansayi kuposa ena, ndipo chiwerengero cha omwalira nayo n'chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi azungu. Bungwe la American Cancer Society limalangiza amuna akuda kukambirana ndi dokotala za kuyezetsa magazi kwa PSA akafika zaka 45. Khansa ikapezeka isanatuluke mu prostate ndipo si yaukali, tinjere patokha tingathe kuichiza mofanana ndi opaleshoni. Ikakhala yaukali, tinjere timaphatikizidwa ndi radiation ya kunja komanso mankhwala ochepetsa mahomoni achimuna. Kafukufuku wa ASCENDE-RT wa ku Canada, amene munali amuna 398 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anapeza kuti kuwonjezera tinjere kunachepetsa ndi theka kubwerera kwa khansa poyerekeza ndi radiation ya kunja yokha, koma mavuto a mkodzo anachuluka. Amuna amene prostate yawo ndi yaikulu kwambiri, kapena amene akuvutika kale pokodza, kawirikawiri amalangizidwa njira ina. Ena amene khansa yawo ndi yofatsa safunika chithandizo pompopompo, amangoyezedwa pafupipafupi.

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene Amalawi timaidziwa bwino, chifukwa dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene amayi amadwala kwambiri khansayi. Ikakula moti opaleshoni singathandize, mayi amalandira radiation ya kunja kwa masabata pafupifupi asanu pamodzi ndi mankhwala a cisplatin kamodzi pa sabata, kenako brachytherapy ya HDR maulendo angapo. Gawo lomalizali si longowonjezera. Zotupa za khomo la chiberekero zimadziwika ndi kusowa okosijeni, ndipo amayi amene salandira brachytherapy mwayi wawo wochira umatsika kwambiri. Chithandizo chonse chiyenera kutha m'masabata asanu ndi atatu, chifukwa chikatalika maselo otsala amayamba kuchulukananso.

Pa zotupa zina za mu ubongo, dokotala akachotsa chotupa amayala pamalopo timapepala tokhala ndi tinjere ta cesium-131. Njirayi imatchedwa GammaTile, ndipo bungwe la FDA linaivomereza mu 2018. Pa khansa ya m'kati mwa diso, kambale kakang'ono kokhala ndi tinjere kamasokeredwa kunja kwa diso kwa masiku angapo kenako n'kuchotsedwa. Amayi ena odwala khansa ya m'mawere amaikidwa kanjere kamodzi asanachitidwe opaleshoni. Kameneko si kochiza, n'kongolozera dokotala pamene pali chotupa, ndipo kamachotsedwa limodzi nacho.

Palinso tinjere tatsopano totchedwa Alpha DaRT, tokhala ndi radium-224, timene anatulukira Itzhak Kelson ndi Yona Keisari a ku Tel Aviv University. Timatulutsa mtundu wa radiation wotchedwa alpha, umene umaduliratu DNA ngakhale palibe okosijeni. Ku America njirayi yakhala ikuyesedwa mu kafukufuku, ndipo khomo lolowera mu kafukufuku aliyense ndi dokotala wa khansa amene akukuonani, osati zolengeza za pa intaneti.

Khansa ikafalikira m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo, tinjere sitingaitsatire, chifukwa timangogwira pamene taikidwa. Zikatero pamafunika mankhwala oyenda thupi lonse. Pa khansa za m'magazi tinjere sitigwira ntchito.

Tsiku loika tinjere mu prostate ndi masabata otsatira

Masiku angapo tsikulo lisanafike, madokotala amayeza kukula kwa prostate ndi kuwerengera malo a kanjere kalikonse. Wodwala amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin kapena aspirin, auze dokotala ndipo asasiye yekha. Pa tsikulo amagonekedwa tulo kapena kubayidwa jakisoni wa pamsana. Dokotala amalowetsa singano pakhungu la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, akuona pa ultrasound, n'kusiya tinjere pafupifupi 60 mpaka 120. Sang'amba pena paliponse. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Pafunika wachibale woyendetsa galimoto.

Pambuyo pake wodwala amajambulidwa CT kuti aone ngati tinjere takhala m'malo mwake ndipo prostate yonse yalandira mphamvu yokwanira. Tsiku lojambulali musaliphonye.

Kukodza pafupipafupi, kuwotcha pokodza, mkodzo wofooka ndi timagazi mu mkodzo masiku oyamba ndi zoyembekezereka. Mavuto a mkodzo amakula m'masabata oyamba, kenako amachepa pakapita miyezi, ndipo mankhwala monga tamsulosin amathandiza. Ena amamva kuwawa kotulukira chimbudzi. Mphamvu za m'banja zimatha kuchepa m'kupita kwa zaka, ndipo pali mankhwala ake, choncho musachite manyazi kuuza dokotala. Koma mkodzo ukatsekeratu, thupi likatentha, kapena magazi akamatuluka ambiri, pitani ku emergency nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.

PSA imatsika pang'onopang'ono. Mwa amuna ena imakwerako pang'ono pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako n'kutsikanso yokha. Kukwera kumodzi sikutanthauza kuti khansa yabwerera.

Kodi wodwala ndi woopsa kwa a m'nyumba?

Khansa sipatsirana, ndipo radiation ya tinjere simata pa zinthu. Mbale, zovala, zofunda ndi chimbudzi zimene wodwala wagwiritsa ntchito zilibe vuto. Mungadye naye nsima m'mbale imodzi, kumupatsa moni wa m'manja, kumukumbatira, kukhala naye bench imodzi kutchalitchi. Mphamvu yambiri imathera mu prostate momwemo.

Kusamala kumakhala pa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Kwa miyezi iwiri yoyamba ngati tinjere ndi ta iodine-125, agogo asakhazike mdzukulu pamiyendo nthawi yaitali, ndipo mayi woyembekezera asakhale nawo moyandikana kwa maola ambiri. Pa mitundu ina nthawiyi imafupika. Chipatala chimapereka malangizo olembedwa, ndipo amenewo ndiwo muwatsate. Amene amagwira ntchito yolera ana kapena yosamalira odwala auze dokotala za ntchito yawo.

Nthawi zina kanjere kamatuluka ndi mkodzo kapena umuna. N'chifukwa chake abambo amalangizidwa kuvala kondomu maulendo angapo oyamba. Mukakaona, musakagwire ndi manja. Katoleni ndi supuni, mukaike m'kabotolo kotseka kutali ndi ana, n'kuimbira chipatala.

Wodwala amapatsidwa khadi losonyeza mtundu wa tinjere ndi tsiku loikira. Makina a chitetezo a pa bwalo la ndege amatha kuzindikira radiation m'miyezi yoyamba, choncho pa ulendo wa ku Malawi khadilo likhale limodzi ndi pasipoti. Lisonyezeninso kwa dokotala aliyense amene akufuna kuchita opaleshoni kapena kuunika m'matumbo. Nkhani ina ndi yovuta kuitchula koma ndi yofunika: munthu akamwalira chaka chimodzi kapena ziwiri zisanathe chiikireni tinjere, kaya ndi matenda ena kapena ngozi, banja liuze okonza maliro, makamaka ngati pali maganizo owotcha thupi. Mayi amene walandira HDR satsala ndi radiation iliyonse, ndipo angayangate mwana tsiku lomwelo.

Zimene zimathandiza ndi zimene sizithandiza

Fodya amalanda okosijeni. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene umakhala pamalo a okosijeni m'magazi. Kafukufuku wa ku Canada wa mu 1993 anapeza kuti odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi amene ankasutabe pa nthawi ya radiation sankachira bwino ngati amene anasiya. Ku Indiana chithandizo chosiyira fodya ndi chaulere pa nambala ya 1-800-QUIT-NOW.

Kuchepa kwa magazi nako kumafunika kukuyang'anira, makamaka kwa amayi amene ataya magazi nthawi yaitali chifukwa cha chotupa cha khomo la chiberekero. Madokotala amayeza magazi pafupipafupi ndipo ndi iwo amene amaona ngati pakufunika mankhwala a iron kapena kuwonjezera magazi. Banja lithandize ndi chakudya chabwino: nyemba, masamba, nsomba, mazira, nyama.

Musaphonye tsiku. Ambiri a ife timalipidwa pa ola, m'mafakitale ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo kujomba kumatanthauza kutaya ndalama. Lamulo la FMLA limalola wantchito woyenerera kupuma mpaka masabata 12 pa chaka osalipidwa koma osachotsedwa ntchito, kaya wodwala ndi iyeyo, mkazi kapena mwamuna wake, mwana kapena kholo. Limakhudza amene agwira ntchito miyezi 12 ndi maola 1,250 pa kampani ya antchito 50 kapena kuposerapo. Abale agawane masiku operekeza wodwala, makamaka m'nyengo ya chipale chofewa.

Pa WhatsApp ndi Facebook pamayenda mauthenga akuti okosijeni amapha khansa, motero munthu agule madzi a okosijeni kapena amwe hydrogen peroxide. Zimenezi n'zabodza, ndipo kumwa hydrogen peroxide kumavulaza. Vuto la chotupa si kuchepa kwa mpweya m'mapapo, koma mitsempha yoipa imene siufikitsa. Mankhwala azitsamba ochokera kumudzi, chammwamba, nimu ndi mavitamini ogula m'sitolo, asonyezeni kwa dokotala musanayambe chithandizo, chifukwa ena amasokoneza mankhwala a khansa kapena kuchititsa magazi kusaundana.

Kopita ku Indiana

Ku South Bend, Memorial Hospital ya Beacon Health System ili ndi nthambi ya khansa, chimodzimodzinso Saint Joseph Health System ku Mishawaka. Si chipatala chilichonse chokhala ndi makina a radiation chimene chimachita mitundu yonse ya brachytherapy, choncho wodwala amatha kulandira gawo lina pafupi ndi kwawo, gawo lina kwina. Ku Indianapolis, mtunda wa pafupifupi mamailosi 150 kudzera msewu wa US 31, kuli Indiana University Melvin and Bren Simon Comprehensive Cancer Center. Mu 2019 bungwe la National Cancer Institute linaiika m'gulu lapamwamba la malo othandizira ndi kufufuza khansa. Ku yunivesite yomweyi n'kumene Lawrence Einhorn anayamba mu 1974 kuchiza khansa ya machende ndi cisplatin, mankhwala omwe aja amene lero amaperekedwa kwa amayi limodzi ndi radiation. Kupempha maganizo a dokotala wachiwiri ndi ufulu wanu ndipo si mwano. Amene akuganiza zopita ku Chicago ayambe afunsa ngati inshuwalansi yawo imalipira kunja kwa Indiana, ndipo akumbukire kuti nthawi ya ku Chicago imatsalira ndi ola limodzi.

Chipatala cholandira ndalama za boma chiyenera kupereka womasulira kwaulere. Popangana tsiku, nenani kuti mukufuna womasulira Chichewa kapena Chinyanja, kuti amukonzeretu pa foni kapena pa vidiyo. Nkhani za mkodzo, chiberekero ndi za m'banja si zoti mwana azimasulirira kholo lake, chifukwa kholo limabisa zina ndipo mwana amadumpha zina.

Medicare, Medicaid, Healthy Indiana Plan ndi inshuwalansi zambiri za kuntchito zimalipira brachytherapy ikakhala yofunika, ngakhale zina zimafuna chilolezo choyamba. Zipatala zosachita phindu zimalamulidwa kukhala ndi ndondomeko yochepetsera bilu kwa opeza zochepa, choncho pemphani fomu yake msanga. Ku Indianapolis, Eskenazi Health ndi chipatala cha boma cha Marion County chimene chimathandiza ovutika kulipira, ndipo Little Red Door Cancer Agency imathandiza ndi mayendedwe. Ku South Bend, RiverBend Cancer Services imapereka uphungu ndi chithandizo china kwa odwala ndi mabanja awo.

Wodwala akakhala ku Malawi

Ambiri a ife timatumiza ndalama zothandizira wodwala kumudzi. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika radiation ankapita kunja, monga ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ku Kenya kapena ku India. Mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, ndipo ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital. Ngati mayi kapena mlongo wanu ali ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo auzidwa za radiation, funsani ngati brachytherapy ili m'ndondomeko, ikachitikira kuti, ndiponso ngati zonse zidzathe m'masabata asanu ndi atatu. Sonkhanitsani ndalama za ulendo wonse chithandizo chisanayambe, chifukwa kuima pakati kumapatsa khansa mpata.

Mafunso okafunsa dokotala

Safunsa anadya phula. Lembani mafunso awa papepala, ndipo wachibale mmodzi azilemba mayankho.

1. Khansayi ndi ya mtundu wanji, ili pa siteji iti, ndipo yafalikira?
2. Cholinga ndi kuchiza kapena kuchepetsa ululu?
3. Kodi brachytherapy ingathandize pa khansa imeneyi? Ngati singathandize, chifukwa chake n'chiyani?
4. Ndi tinjere totsalira kapena HDR? Ngati ndi tinjere, ta mtundu uti?
5. Mumachita chithandizochi kangati pa chaka, ndipo mudzatsimikiza bwanji kuti mphamvu yafika paliponse?
6. Njira zina ndi ziti, ndipo mavuto ake akusiyana bwanji?
7. Kunyumba kuli ana kapena woyembekezera. Tisamale chiyani, mpaka liti?
8. Vuto likagwa usiku kapena Loweruka, tiimbe nambala iti?

Kubwereza zimene taphunzira

Kambiranani mafunso awa pabanja. N'chifukwa chiyani maselo a pakati pa chotupa safa msanga ndi radiation? Ndi njira ziwiri ziti zimene tinjere timachepetsera vutoli? LDR ndi HDR zikusiyana bwanji kwa mdzukulu amene akufuna kukhala pamiyendo ya agogo? N'chifukwa chiyani mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero sayenera kusiya chithandizo radiation ya kunja ikangotha? Funso limene lakuvutani, bwererani pa ndime yake, kenako mukalifunsenso kwa dokotala kapena namwino amene akudziwa mbiri ya wodwala wanu.